Zimene kope la miyeso linandiuza za mabandulo a foni

Ndimasoka zovala pakhonde la sitolo ina ku Kawale. Makina anga ndi akale, opalasa ndi phazi, koma ntchito yake masiku ano imabwera kudzera pa foni. Kasitomala amaona diresi pa Facebook n'kunditumizira chithunzi pa WhatsApp, ine n'kumuuza mamita a nsalu oti agule. Akachoka ku Tsoka kapena m'masitolo a ku Old Town ndi chitenje chake amadzayesedwa, ndipo ndikamaliza ndimajambula diresilo lili pa hang'ala kuti alione asanatumize ndalama pa Mpamba kapena pa Airtel Money. Ndiye kwa ine nkhani ya mabandulo si ya macheza ayi, ndi nkhani ya ndiwo.

Chimene chinandichangamutsa chinachitika mu Okutobala, nyengo ya maukwati ili pachimake. Ndinali ndi madiresi asanu ndi atatu a operekeza mkwatibwi. Lachitatu madzulo bandulo yanga ya tsiku inatha ine osadziwa. Munali timayunitsi totsala m'foni, koma popeza data inali chiyatsire, foni inatidya mwakachetechete, moti pofika 8 koloko ndinalibe kalikonse. Ndinangoti ndigula mawa. Usiku womwewo mchemwali wake wa mkwatibwi analemba pa WhatsApp kuti asintha maganizo, manja a madiresi akhale aatali. Ine ndinalawirira kukhonde, 6 koloko sizasi ili m'manja, ndipo ndinadula manja aafupi a madiresi asanu. Uthengawo ndinauona cha m'ma 9 nditagula bandulo ina. Nsalu yowonjezera ndinagula ndi ndalama zanga, phindu la ntchito yonseyo n'kuthera pomwepo.

Madzulo ake ndikudandaula kunyumba, mwana wanga wamkazi, amene ali Fomu 3, anandifunsa kuti, "Amayi, kodi pa mwezi mumawononga zingati pa foni?" Ndinamuyang'ana basi. Mtengo wa ulusi ndimaudziwa, wa zipi ndimaudziwa, lendi ya khonde ndimaidziwa, koma ya foni sindinkaidziwa. Tinagwirizana kuti kumapeto kwa kope limene ndimalembamo miyeso ya makasitomala ndizilemba chilichonse chimene ndagula pa foni kwa mwezi wathunthu, ngakhale kakhale ka K100.

Ndifotokoze kaye mmene ndinkachitira. Monga anthu ambiri muno mu Lilongwe, ndili ndi malayini awiri m'foni imodzi, ya 088 ya TNM ndi ya 099 ya Airtel. Ya 099 ndinaigula kalekale kampaniyo isanakhale Airtel, nthawi imene inkatchedwa Zain, ndipo amene ndi akulu kuposa ine amakumbukira kuti isanakhale Zain inali Celtel. Inayo ndinawonjezera chifukwa makasitomala ena ankati, "Mayi, mulibe ya TNM? Ine ndalama zanga zili pa Mpamba." Koma kukhala ndi malayini awiri si kukhala ndi dongosolo. Ndinkangogula pa layini imene yandiyandikira m'maganizo, m'mawa uliwonse ndikamadutsa pa ejenti wa pa siteji, ngati mmene munthu amagulira mandasi.

Mwezi utatha tinakhala pa mkeka n'kuwerengera. Mabandulo a tsiku ndinagula ka 34 pa masiku 30, kutanthauza kuti masiku ena ndinagula kawiri. Mayunitsi wamba, opanda bandulo, ndinalowetsa ka 11. Ngongole ya mayunitsi ndinatenga ka 6. Titaphatikiza zonse, ndalamayo inaposa theka la lendi ya khonde langa. Ndinabwereza kuwerenga kawiri poganiza kuti mwanayo walakwitsa masamu.

Chinthu choyamba chimene kope linaonetsa ndi ichi: kabandulo ka tsiku kamaoneka kotchipa chifukwa umatulutsa ndalama yochepa nthawi imodzi, koma ukawerengera pa MB iliyonse (MB ndi muyeso wa data), n'kodula kuposa bandulo ya sabata kapena ya mwezi. N'chimodzimodzi ndi shuga wa pa oda ndi shuga wa m'timapaketi toyeza ndi supuni ku gulosale. Tonse timadziwa kuti paketi yathunthu ndi yotchipa, koma timagulabe ka supuni chifukwa ndi kamene thumba lalola tsiku limenelo. Sindikunyoza aliyense wogula ya tsiku, pakuti nanenso ndimadziwa tsiku limene m'chikwama mumangokhala ya minibasi yokha. Koma pa ine vuto silinali kusowa ndalama masiku onse, linali chizolowezi. Ndiponso kabandulo ka tsiku kamatha nthawi yake ikakwana kaya wakagwiritsa ntchito kaya ayi. Lamulungu ndimakhala ku tchalitchi mpaka masana, kenako kuchapa, ndiye MB zambiri za tsiku limenelo zinkangopsa.

Chachiwiri, ndipo ichi ndi chimene chinandipweteka pa madiresi aja, ndi mayunitsi wamba. Bandulo ya intaneti ikatha data ili yoyatsa, foni imatha kupitiriza kumwa m'mayunitsi amene atsala, pa mtengo wa kunja kwa bandulo, umene ndi wokwera kwambiri. Ukaona wangolowetsa K500 ndipo pakangopita mphindi zochepa yasowa usanaimbire aliyense, nthawi zambiri palibe amene wakubera, ndi mapulogalamu a m'foni mwako amene akudya. Panopa ndisanalowetse mayunitsi ndimayamba ndathimitsa data, kapena ndimagula bandulo mwachindunji kuchokera ku ndalama za pa foni, *444# ku Mpamba kapena *211# ku Airtel Money, osadutsa pa mayunitsi n'komwe. Chinthu china choyenera kuchifufuza, ngati mayunitsi akumangochepa tsiku ndi tsiku, ndi timautumiki tolembetsa tija: nyimbo yoti okuimbirani azimva, mauthenga a mpira, mawu olimbikitsa a m'mawa. Pa layini yanga imodzi ndinapeza kuti ndinavomera kena kotere kalekale podina mosaganiza, ndipo ndinakachotsa poimbira ku malo othandizira makasitomala.

Ngongole ya mayunitsi, imene ku Airtel amati Kutapa ndipo ku TNM amati Pasavute, imathandiza pa ngozi, mwana akadwala usiku kapena ukasochera ku maliro. Imabwezedwa ndi kachiwongoladzanja, ndipo imadulidwa ukangolowetsa mayunitsi ena. Kulakwa kwanga kunali kuisandutsa chakudya cha tsiku ndi tsiku. Ndinkalowetsa mayunitsi, theka n'kupita ku ngongole, otsalawo osakwanira bandulo, ndiye n'kukongolanso. Katapila wodzipatsa ndekha.

Ndiye ndinati basi, ndigula ya mwezi. Ndinadikira kasitomala wina atalipira yunifolomu za kwaya, ndinagula bandulo yaikulu ya masiku 30, mtima uli m'malo. Inatha pa tsiku la 11.

Ndinakwiya zedi, ndipo ndikanakhala kuti ndinalemba nkhaniyi tsiku limenelo, bwenzi ndikukuuzani kuti ya mwezi ndi yabodza. Mwana wanga ndi amene anati, "Amayi, tabweretsani foniyo tione." Analowa ku Settings, pamene foni imaonetsa pulogalamu iliyonse ndi data imene yadya. Tinakhala pa mkeka magetsi atathima, nkhope zathu zikuwala ndi foni, tikutsika mndandandawo. Pamwamba panali Facebook, chifukwa mavidiyo ankangoyamba okha ndikamatsika kufuna masitayilo. Pachiwiri WhatsApp: ndili m'magulu asanu ndi awiri, la amayi a ku tchalitchi, la banki m'khonde, la makolo a kusukulu, la akumudzi, ndi ena, ndipo vidiyo iliyonse imene munthu waponya, kaya ya ulaliki kaya ya ngozi ya pa M1, inkadzitsitsa yokha m'foni mwanga ine ndisanaitsegule. Pachitatu panali Play Store, imene inkakonzanso mapulogalamu pogwiritsa ntchito data yanga. Ndipo pachinayi panali hotspot, ija yogawira intaneti ya foni yako ku mafoni a ena. Apa mwanayo anakhala kaye chete, kenako n'kunena motsitsa mawu kuti, "Pepani amayi, ndinkangoonera za Biology." Mchimwene wake wamng'ono anathawira kuchipinda.

Usiku womwewo tinathimitsa zodzitsitsa zokha pa WhatsApp, moti tsopano chithunzi kapena vidiyo imabwera pokhapokha ndaidina. Tinaletsa mavidiyo a Facebook kuyamba okha, tinauza Play Store kuti izidikira Wi-Fi, tinasintha pasiwedi ya hotspot. Tinaikanso chenjezo loti foni izindiuza ndikafika pa mlingo umene ndasankha. Mwezi wotsatira bandulo yofanana ndi yomwe ija inafika tsiku la 27. Kampani yomweyo, mtengo womwewo, foni yomweyo.

N'chifukwa chake munthu akandifunsa kuti bandulo yabwino ndi iti, ndimayamba ndamufunsa ngati anayang'anapo chimene chimadya data m'foni mwake. Ndowa yobooka, kaya utungire pa mjigo kaya pa mpopi, kunyumba ufika nayo theka.

Bandulo ya WhatsApp yokha ndinaiyesanso, ndipo kwa munthu wa ntchito ngati yanga ndi yabwino kuposa mmene ndinkaganizira. Mauthenga, zithunzi za makasitomala ndi status yanga yotsatsira malonda zonse zimayenda bwinobwino pa mtengo wotsika. Msampha wake uli pa malinki. Kasitomala akakutumizira linki ya YouTube kapena TikTok kuti uone sitayilo, ukangodina watuluka mu WhatsApp, ndipo bandulo ija sigwiranso ntchito kumeneko. Mwina sizitseguka, mwina ziyamba kudya mayunitsi. Ndinaphunzira kuuza makasitomala kuti, "Asisi, tangojambulani screenshot munditumizire." Musanagule bandulo ya mtundu umenewu werengani bwino kuti ikukhudza mapulogalamu ati, chifukwa ina ndi ya WhatsApp yokha, ina amaphatikizamo Facebook.

Bandulo ya usiku ndinagula kamodzi. MB zake n'zambiri pa ndalama yochepa, koma imagwira ntchito anthu atagona. Ndinatchera alamu, ndinadzuka, ndinatsitsa mavidiyo awiri ophunzitsa kadulidwe ka kolala, m'mawa mwake ndinasoka mpendero wokhota. Ndi ya ana a sukulu za ukachenjede ndi alonda, osati ya telala.

Tsopano za kuimba, zimene ambiri amaziiwala poganiza kuti dziko lonse lili pa WhatsApp. Amayi anga amakhala kumudzi, kupitirira Mitundu, ndipo foni yawo ndi kamose wa lero, ka mabatani, kamene batire lake limatha sabata. Kwa iwo intaneti kulibe. Achimwene anga ali ku Johannesburg, ndipo amenewo timalankhulana pa WhatsApp chifukwa kuimba mwachindunji kunja kwa dziko kungandigwetse. Makasitomala achikulire, azimayi a mvano ofuna yunifolomu, nawonso amakonda kuimba kapena kufulasha kuti ndiwaimbire ine. Kope linaonetsa kuti mayunitsi wamba aja ambiri ankathera pa kuimbira amayi, ndipo ndinkawaimbira kuchokera pa layini yosiyana ndi yawo.

Mabandulo a mphindi ali mitundu iwiri imene muyenera kuisiyanitsa: oimbira manambala a kampani yomweyo okha, ndi oimbira manambala a kampani iliyonse. Oyambawo amapereka mphindi zambiri pa ndalama yomweyo. Ndiye funso si lakuti kampani yotchipa ndi iti, koma kuti anthu amene mumawaimbira kwambiri ali pa layini iti. Ine ndinatsegula mndandanda wa mafoni amene ndinaimba mwezi umenewo n'kuwerenga ma 088 ndi ma 099. Anthu asanu okha ndi amene anatenga pafupifupi mphindi zanga zonse, ndipo anayi mwa iwo anali pa kampani imodzi. Nkhani inathera pomwepo.

Koma pali china chimene sichilembedwa pa chikwangwani chilichonse cha malonda: netiweki ya pamalo pamene inu mumakhala. Kumudzi kwa amayi, kampani imodzi imagwira m'nyumba momwe, inayo mpaka ukakwere pa chulu cha kuseri kwa khola. Ndinawagulirapo layini ya kampani yachiwiriyo poganiza kuti tizilankhulana motchipa, koma patapita sabata anandiuza kuti, "Iwe mwana wanga, ukufuna ndizikwera chulu usiku ndi miyendo yangayi?" Ndinawabwezera pa layini yawo yakale, ine ndi amene ndinawatsatira. Muno m'tauni momwe zimasiyana. Pakhonde langa intaneti ya layini imodzi imathamanga, koma kunyumba, mtunda woyenda mphindi khumi zokha, imazungulirazungulira makamaka kuyambira 7 koloko madzulo pamene aliyense ali pa foni. Sindikutchula kuti ndi iti chifukwa mnzanga wa ku Area 25 amanena zosiyana ndi zanga, wa ku Chinsapo zosiyananso. Musanaike ndalama ya mwezi wathunthu pa layini iliyonse, gulani kabandulo ka tsiku n'kuyesa pamalo anu a ntchito masana ndi kunyumba madzulo. Apa ndi pamene ka tsiku kamagwira ntchito yake yeniyeni.

Kasitomala wanga wina, mayi wogwira ntchito ku Capital Hill, anandiuza kuti iye za mabandulo sazidziwa, layini yake ndi ya postpaid, amagwiritsa ntchito kaye n'kulipira bilu mwezi ukatha. Zinandikopa, chifukwa chimene ndinkaopa kwambiri ndi kudukidwa pakati pa ntchito. Ndinapita kukafunsa ku shopu ya kampani ina m'tauni. Mtsikana wa pa kauntala anandilandira bwino, nati, "Mayi, pa mwezi mumalandira mokhazikika?" Funso limenelo linandiyankha ndisanamve zina zonse. Ndalama za telala zimayenda ndi nyengo. Kuyambira Ogasiti mpaka Disembala kumakhala maukwati, zinkhoswe ndi zovala za Khirisimasi. Januwale kumabwera mayunifolomu a sukulu pang'ono, koma Febuluwale ndi Malichi, anthu ndalama zili ku feteleza ndi chimanga chogula, makina amachita dzimbiri. Bilu yobwera mwezi ndi mwezi posayang'ana nyengo ndi ya munthu wa pa malipiro kapena wa kampani imene imamulipirira. Ubwino wa kulipiriratu ndi woti mwezi wovuta umatsika nawo, palibe amene akulondole.

Mabandulo amene amati alibe malire nawonso ndinawafunsa. Muziwerenga timalemba tating'ono, chifukwa kawirikawiri amakhala ndi liwiro loikidwiratu, kapena liwiro limatsika ukadutsa mlingo wina. Kwa banja la ana ambiri a sukulu, kapena anthu a mpanda umodzi amene angasonkherane kugula MiFi kapena rauta, tizipangizo togawira intaneti ku mafoni angapo, akhoza kukhala anzeru. Aneba anga anayesa kusonkherana mabanja atatu. Zinayenda miyezi iwiri, wachitatu anayamba kukangana kuti ndani amaonera mafilimu usiku wonse ndiponso kachipangizoko kazigona kwa ndani. Ine ndinakana kulowa nawo, banki m'khonde yokha ikundikwanira mikangano.

Mitengo sindikuilemba dala. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo kuyambira pamenepo mtengo wa chinthu chilichonse sukhalitsa, mabandulo omwe. Mayina a mabandulo ndi kukula kwake nazonso zimasinthasintha, kukabwera zotsatsa za kanthawi. Chimene sichisintha ndi kawerengedwe kake: tengani mtengo, gawani ndi MB kapena mphindi zimene akupatsani, kenako dzifunseni ngati mudzazimalizadi tsiku lotha ntchito lisanafike. Bandulo yaikulu imene theka lake lidzapsa si yotchipa.

Kanthu kena kamene ndinakumana nako m'njira: layini yanga imodzi inalembetsedwa m'dzina la mlamu wanga. Nthawi imene MACRA, bungwe loyang'anira makampani a mafoni, inalamula kuti simukhadi iliyonse ilembetsedwe, mu 2018, ine chiphaso changa cha unzika chinali chitasowa, ndiye iye anangondilembetsera ndi chake. Zinkaoneka zazing'ono mpaka tsiku limene simukhadiyo inasiya kugwira ntchito, muli ndalama za makasitomala, ndipo kuti andipatse ina ya nambala yomweyo panafunika mwini dzina ndi chiphaso chake. Mlamuyo anali ku Kasungu ku fodya. Ndinadikira masiku anayi. Ngati layini imene mumalandirira ndalama ili m'dzina la munthu wina, kakonzeni lero, musanaikemo bandulo ya mwezi kapena ndalama za bizinesi.

Panopa ndimachita chonchi. Layini imene intaneti yake imathamanga pakhonde ndi ya data: miyezi ya ntchito yambiri ndimagula ya masiku 30 tsiku limene ndalipira lendi, kuti ndalamayo isasochere ku zina. Miyezi ya njala ndimatsikira ku ya WhatsApp yokha ya sabata, n'kuwonjezera ka tsiku pokhapokha ndikufuna kufufuza masitayilo atsopano. Layini inayo ndi ya kuimba, ndimaikamo mphindi za sabata zoimbira amayi ndi azimayi a mvano, ndipo data yake ndinaithimitsiratu. Mayunitsi wamba ndimasiyamo ochepa a pa ngozi. Ngongole sindinatengenso kuyambira Disembala. Ndalama ya foni pa mwezi yatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo tsiku lotha bandulo ndimalilemba pachikuto cha kope ndi choko chodulira nsalu.

Hotspot ndimayatsira ana Loweruka masana, ola limodzi, ine ndili pomwepo ndikupeta. Ndipo kasitomala aliyense wa ukwati ndimamuuza pomuyesa kuti akasintha maganizo pa chilichonse asalembe pa WhatsApp, aimbe, ngakhale pakati pa usiku. Sabata yatha wina anaimbadi 11 koloko, ati mabatani akhale agolide.